Mmene Munthu Amalandirira, Kusunga ndi Kuiwala Zinthu M'mutu: Mafunso ndi Mayankho

Pa mawu onse amene ndimamva pa ntchito yanga ya uphunzitsi, amene amandipweteka kwambiri ndi akuti "mwana uyu ndi wouma mutu." Amawanena makolo, amawanena aphunzitsi anzanga, mapeto ake mwana uja amayamba kudzinenera yekha. Koma mutu wa munthu aliyense, kaya wa pulofesa kaya wa mwana wa sitandade 3, uli ndi khomo lopapatiza. Katundu akabwera wambiri nthawi imodzi amatsakamira pakhomopo, ndipo nthawi zambiri mwana amene tikumunyozayo wangounjikiridwa katundu. Mafunso ali m'munsimu ndi amene ophunzira, makolo ndi aphunzitsi amandifunsa kawirikawiri tikamakambirana za nthambi ya saikoloje yofufuza kaganizidwe, imene m'Chingerezi amaitcha cognitive psychology.

Akatswiri akamati ubongo "umakonza uthenga", amatanthauza chiyani?

Tiyerekeze kuti mukufuna kuwoloka msewu pafupi ndi msika. Maso aona minibasi, makutu amva hutala, mphuno yamva fungo la chipisi. Pa zonsezi mwasankha minibasi, chipisi chija mwachisiya kaye. Mwasunga m'mutu kuti kumanja kukubweranso njinga ya kabaza, mwayerekeza liwiro la minibasi ndi zimene mukudziwa kale za mayendedwe a minibasi, ndiye mwaganiza zodikira. Zonsezi zachitika mwina m'masekondi awiri. Kulandira, kusankha, kusunga kwakanthawi, kufananitsa ndi zakale, kenako kuchitapo kanthu: ulendo umenewu ndi umene akatswiri amaufufuza.

Sikuti anayamba kale. Kuyambira cha m'ma 1913 mpaka m'zaka za m'ma 1950, akatswiri ambiri a saikoloje ku America, motsogozedwa ndi anthu ngati John Watson ndi B. F. Skinner, ankati za m'mutu sizioneka, choncho tiyeni tizingoyeza zimene munthu kapena nyama ikuchita poyera. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inabweretsa mafunso amene maganizo amenewa sakanatha kuyankha. N'chifukwa chiyani woyendetsa ndege wophunzitsidwa bwino amakoka chitsulo cholakwika? N'chifukwa chiyani woyang'anira makina oonera ndege za adani amayamba kuphonya akakhala nthawi yaitali? Donald Broadbent wa ku Cambridge anafufuza mafunso oterewa n'kulemba buku mu 1958. Mu 1967 Ulric Neisser anatulutsa buku limene mutu wake unakhala dzina la nthambi yonseyi. Chaka chotsatira, Richard Atkinson ndi Richard Shiffrin anajambula chithunzi chimene chimapezekabe m'mabuku a ophunzira mpaka lero: chosungira cha kanthawi kochepetsetsa cha maso ndi makutu, chosungira cha masekondi angapo, ndi nkhokwe yaikulu ya nthawi yaitali.

Ndiye ubongo uli ngati kompyuta?

Fanizoli linathandiza poyamba, chifukwa linapatsa akatswiri njira yolankhulira za zinthu zosaoneka. Koma musalitengere patali. Kompyuta mukaisungitsa chithunzi lero, chaka chamawa idzakubwezerani chomwecho osasintha kadontho. Munthu satero, monga tionera kutsogoloku. Kompyuta simva njala, siopa mphunzitsi wa chikwapu, sigona ndi nkhawa ya fizi. Ubongo uli ndi maselo otumiza mauthenga okwana pafupifupi 86 biliyoni, ndipo ngakhale kulemera kwake ndi magawo awiri okha pa 100 a thupi, umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu akakhala phee. Mwana amene wabwera kusukulu m'mimba muli pululu akuyesa kuyendetsa chiwalo chodya kwambiri chimenechi popanda chakudya.

Kodi zonse zimene maso aona zimalowa m'mutu?

Zimalowa zambiri, koma zimafufutika msanga kuposa mmene mungaganizire. Amene munakulira kumudzi mukukumbukira kuzunguza chikuni cha moto usiku n'kuona mkombero wofiira wathunthu. Mkombero kulibe, pali kansonga kamodzi ka moto. Diso limasunga chithunzi cha pamene panali moto kwa kanthawi kosakwana sekondi, ndiye zithunzizo zimalumikizana.

George Sperling anayeza zimenezi mu 1960 mwanjira yochenjera. Ankaonetsa anthu zilembo 12, m'mizere itatu ya zilembo zinayi, kwa gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi. Akawafunsa kuti atchule zonse, ankatha zinayi kapena zisanu, koma ankaumirira kuti aona zambiri, kungoti zawathawa ali m'kati motchula. Sperling anasintha kafunsidwe. Zilembo zikangozima ankaliza kabelu: kokwera kutanthauza mzere wapamwamba, kapakati mzere wapakati, kotsika mzere wapansi. Anthu aja ankatha kutchula zilembo pafupifupi zitatu mwa zinayi za mzere uliwonse umene wafunsidwa, ngakhale sankadziwiratu kuti ufunsidwa uti. Ndiye kuti pafupifupi zonse zinalimo m'mutu. Kabelu kakachedwa ndi sekondi imodzi yokha, mwayi uja unkatha.

Makutu amasunga motalikirapo, masekondi angapo. N'chifukwa chake mayi akakuitanani muli pa foni mumayankha kuti "Mwati bwanji?" koma asanabwereze mwamva kale kuti akufuna mchere. Mawu aja anali akadalira m'khutu, inu mwangowatsatira mochedwa.

Pa ukwati pali phokoso la zoimbira ndi anthu, koma wina akatchula dzina langa ndimamva. Zimatheka bwanji?

Funsoli analifunsanso Colin Cherry mu 1953. Ankaveka anthu zomvera m'makutu, khutu lililonse likumva nkhani yakeyake, n'kuwauza kuti azibwereza mokweza nkhani ya khutu limodzi. Pomaliza akawafunsa za khutu linalo, sankadziwa kanthu. Ambiri sanazindikire ngakhale pamene wolankhula anasiya Chingerezi n'kuyamba Chijeremani. Chimene ankazindikira ndi zinthu ngati kusintha kwa mawu kuchoka kwa mwamuna kupita kwa mkazi.

Broadbent anati ndiye kuti m'mutu muli sefa imene imalola uthenga umodzi, wina wonse n'kutsekeredwa kunja. Koma mu 1959 Neville Moray analowetsa dzina la munthuyo m'khutu losamvetseredwa lija, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu analimva. Anne Treisman anakonza ganizo la Broadbent: uthenga winawo sutsekedwa, umangotsitsidwa ngati wailesi yochepetsedwa mawu, ndipo mawu ofunika kwambiri kwa inu, monga dzina lanu kapena kukuwa koti "moto!", amadutsabe. Onani kuti awiri mwa atatu aja sanamve dzina lawo. Inu mumakumbukira nthawi zimene munalimva, zimene linakudutsani simungazidziwe.

Maso nawo amatero. Mu 1999 Daniel Simons ndi Christopher Chabris anaonetsa anthu kanema wa magulu awiri akupatsirana mpira, n'kuwauza kuti awerenge kuti gulu limodzi lapatsirana kangati. M'kati mwa masewerawo munadutsa munthu atavala ngati nyani wamkulu uja amati gorilla. Pafupifupi theka la oonerera sanamuone. Maso anali pomwepo, koma maganizo anali pa mpira. Woyendetsa galimoto akagunda wa njinga n'kumalumbira kuti "sindinamuone", nthawi zina akunena zoona ndithu, ngakhale kuti zoonazo sizimuchotsera mlandu.

Nanga amayi amene amatakasa nsima, mwana ali kumbuyo, uku akucheza ndi anzawo, si umboni woti munthu angachite zambiri nthawi imodzi?

Angathe, ngati zinazo zinazolowereka mpaka manja amazichita okha. Mtsikana amene akuphika nsima koyamba simungamuchezetse. Maganizo ake onse ali pa mthiko ndi ufa kuti pasakhale mibulu. Patapita zaka, ntchito ija siidyanso malo m'mutu. Kuwerenga nakonso kumafika pamenepo. John Ridley Stroop anasonyeza mu 1935 kuti mukalemba dzina la mtundu wina ndi inki ya mtundu wina, monga mawu oti "kufiira" ndi inki yobiriwira, munthu wodziwa kuwerenga amachedwa kutchula mtundu wa inkiyo, chifukwa mawuwo amawerengeka okha iye asanafune.

Zimene sizitheka ndi ntchito ziwiri zofuna kuganiza. Pamenepo mutu umangodumphadumpha, ndipo kudumpha kulikonse kumataya kanthu. David Strayer ndi anzake ku University of Utah anayeza anthu pa makina oyerekezera kuyendetsa galimoto, n'kupeza kuti olankhula pa foni ankachedwa kuponda buleki, ndipo zinalibe kusiyana kwenikweni kaya foniyo aigwira m'manja kaya ayi. Vuto silikhala dzanja. Wophunzira amene akuwerenga notsi uku akuyankha mauthenga a pa WhatsApp akuchita zomwezo, kungoti ngozi yake imaonekera tsiku la mayeso.

N'chifukwa chiyani ndimaiwala nambala ya foni ndisanamalize kuilemba?

Apa ndiye pakhomo lopapatiza lija. Mu 1956 George Miller analemba nkhani yotchuka yonena kuti munthu amasunga zinthu pafupifupi 7 nthawi imodzi, mwina kuonjezapo ziwiri kapena kuchotsapo ziwiri. Mu 2001 Nelson Cowan, ataunika kafukufuku wambiri, anati munthu akaletsedwa kubwereza ndi kumanga zinthu m'magulu, nambala yeniyeni ili pafupi ndi 4. Nambala za foni za m'manja ku Malawi zili ndi manambala 10. Mwaona pamene pagona vuto.

Komanso zimene zili pakhomopo sizikhalitsa. Lloyd ndi Margaret Peterson mu 1959 ankapatsa anthu zilembo zitatu zokha, kenako n'kuwauza kuti aziwerenga chobwerera m'mbuyo, kuchotsa atatuatatu, kuti asapeze mpata wobwereza zilembozo. Patatha masekondi 18, mayankho olondola anali pafupifupi limodzi pa 10 alionse. Zilembo zitatu! Mwana mukamutuma kugolosale kuti akagule sopo, mchere ndi machesi, amapita akuyimba mayinawo njira yonse. Akakumana ndi mnzake n'kufunsidwa za mpira wadzulo, amafika kugolosale ndi sopo yekha. Mwanayo si wamwano.

Chimene chimatipulumutsa ndi kumanga mitolo. Miller yemweyo anaona kuti malire ali pa chiwerengero cha mitolo, osati kukula kwake. Nambala ya mayunitsi a magetsi ili ndi manambala 20, ndipo palibe amene angaisunge yonse, koma imalembedwa m'magulu a manambala anayianayi, ndiye mumayang'ana gulu limodzi, kulowetsa, n'kubwerera. Manambala 1, 9, 6, 4 ndi zinthu zinayi kwa mlendo, koma kwa Mmalawi kapena Mzambia ndi chinthu chimodzi, chaka cha ufulu. Zimene mukudziwa kale ndi zimene zimasandutsa zinthu zambiri kukhala mtolo umodzi.

Mu 1974 Alan Baddeley ndi Graham Hitch anati malo amenewa si shelefu yongoikapo zinthu, ndi pogwirira ntchito, ndipo anawatcha working memory. Anati muli gawo losunga mawu pobwereza chamumtima, gawo losunga zithunzi ndi malo, ndi kapitawo wogawa chidwi. Mukamawerengera chenji m'mutu pa msika, mukugwiritsa ntchito zonsezi.

Kodi chilankhulo chimene munthu akuganizira chili ndi gawo pamenepa?

Chili nalo, ndipo funso limeneli ndimalikonda. Baddeley ndi anzake anapeza mu 1975 kuti gawo losunga mawu lija limanyamula mawu amene munthu angawatchule m'masekondi pafupifupi awiri. Mawu aafupi amakwanamo ambiri, aatali ochepa. Mu 1980 Nick Ellis ndi mnzake Hennelly anayeza anthu olankhula Chingerezi ndi chilankhulo cha ku Wales, n'kupeza kuti anthu omwewo ankasunga manambala ochepa m'chilankhulo cha ku Wales, chifukwa mayina a manambala ake amatenga nthawi yaitali kutchula. Olankhula Chitchaina, amene manambala awo ndi aafupi kwambiri, amasunga ochuluka.

Tsopano yesani kutchula nambala yanu ya foni m'Chichewa chenicheni: zisanu n'zinayi, zisanu n'zitatu, zisanu n'chimodzi. Masekondi awiri atha muli pa nambala yachiwiri. Ine ndimaona kuti ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ngakhale agogo osapita kusukulu amanenera kuti naini, eyiti, sikisi akamatchula nambala ya foni kapena mtengo wa katundu.

Koma mbali imene imandikhudza mtima ndi ya m'kalasi. Mwana amene kunyumba amalankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, akamva funso la masamu m'Chingerezi amagwira ntchito ziwiri pa malo opapatiza omwe aja. Ayambe wamasulira funsolo, asunge tanthauzo lake, kenako awerengere. Pamene akufika pa kuwerengera, manambala aja agwa kale. Ndinaonapo mtsikana wina akulephera funso la kuchotsera pa bolodi, misozi ili m'maso. Tsiku lomwelo madzulo ndinamupeza akugulitsa mandasi a mayi ake, akubweza chenji cha K2,000 mosaphonya, anthu atatu akumuitana nthawi imodzi. Mawa lake ndinamufunsa funso lomwe lija m'Chichewa, ndi mandasi m'malo mwa manambala opanda nkhope, ndipo anayankha ndisanamalize. Sindikunena kuti Chingerezi chisaphunzitsidwe. Ndikunena kuti mphunzitsi akafuna kudziwa ngati mwana wamva masamu, ayambe wachotsa katundu wa chilankhulo, aone chimene chatsala.

Kuloweza pobwereza mokweza kalasi yonse, monga tinkachitira ife, kumathandiza?

Kumathandiza pa zinthu zina, monga matebulo a kuchulukitsa ndi ndakatulo, ndipo sindikunyoza. Matebulo akakhazikika m'mutu amamasula malo oganizira zinthu zovuta. Koma kubwereza kopanda kuganizira tanthauzo kumasunga chinthu pakhomo osachilowetsa m'nkhokwe. Fergus Craik ndi Endel Tulving mu 1975 ankaonetsa anthu mawu n'kuwafunsa mafunso osiyana: kodi alembedwa ndi zilembo zazikulu, kodi akumveka mofanana ndi mawu ena, kapena kodi angakwane m'chiganizo chakutichakuti. Atawayesa mwadzidzidzi, mawu amene anawaganizira tanthauzo ndi amene anakumbukiridwa kwambiri, kuposa aja anangowayang'ana maonekedwe.

Hermann Ebbinghaus wa ku Germany, amene anadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo n'kufalitsa zotsatira mu 1885, anapeza zinthu ziwiri zimene zatsimikizidwa kambirimbiri. Kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola oyambirira, kenako kumayenda pang'onopang'ono. Ndipo kubwereza kogawidwa pa masiku angapo kumaposa kubwereza kochuluka kwa tsiku limodzi.

Chimene ndimauza ophunzira a folomu 4 ndi ichi. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Gulu lina linaiwerenga mobwereza m'magawo anayi a nthawi. Gulu lina linaiwerenga m'gawo limodzi, magawo atatu otsalawo n'kumalemba zimene likukumbukira osaona pepala. Atayesedwa patatha mphindi zisanu, owerenga mobwereza aja anapambana. Atayesedwa patatha sabata, anakumbukira magawo 40 pa 100, pamene odziyesa aja anakumbukira 61. Chomvetsa chisoni n'chakuti owerenga mobwerezawo ndi amene ankadzidalira kwambiri. Notsi ukaziwerenga kachisanu zimaoneka zodziwika, ndipo umaganiza kuti wazidziwa. Tsekani kope, tengani pepala, lembani zimene mukukumbukira, kenako tsegulani muone zimene zasowa. Zimawawa, koma ndi zimene zimagwira. Ndipo usiku woti mawa mayeso, gonani. Tulo timathandiza kukhazikitsa zimene mwaphunzira masana, ndipo kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti muchezere kumakulandani zomwezo.

Kodi n'zoona kuti timagwiritsa ntchito magawo 10 okha pa 100 a ubongo?

Ayi. Makina ojambula ubongo amasonyeza kuti mbali zake zonse zimagwira ntchito, ngakhale munthu ali m'tulo, ndipo sitiroko ikawononga kachigawo kakang'ono munthu amatha kutaya kulankhula kapena kuyendetsa mkono.

Zimene ndikukumbukira zimakhala pati m'mutumu?

Sizikhala pamalo amodzi, ndipo zambiri za nkhaniyi tinaziphunzira kwa munthu mmodzi amene anavutika moyo wake wonse. Henry Molaison wa ku Connecticut, ku America, ankadwala khunyu yoopsa. Mu 1953, ali ndi zaka 27, dokotala William Scoville anamuchotsa tizigawo ta m'kati mwa ubongo mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo gawo lalikulu la kachiwalo kotchedwa hippocampus. Khunyu inachepa. Koma kuyambira pamenepo sankathanso kusunga zatsopano. Ankacheza nanu bwinobwino, ankatha kusunga nambala pobwereza chamumtima, ankakumbukira za ubwana wake, koma mukatuluka n'kubweranso patapita mphindi zochepa ankakulonjerani ngati mlendo.

Brenda Milner, amene ankachokera ku Montreal kudzamuyeza, anamupatsa ntchito yotsata mizere ya nyenyezi ndi pensulo akuyang'ana dzanja lake pagalasi lokha. Ndi ntchito yovuta kwa aliyense. Molaison ankaichita bwino tsiku ndi tsiku, koma tsiku lililonse ankanena kuti sanaichitepo. Manja anaphunzira, mwini wake osadziwa. Apa zinaoneka kuti kusunga kwa masekondi n'kosiyana ndi kwa nthawi yaitali, ndiponso kuti luso, monga kupalasa njinga kapena kupeta mpunga, lili ndi njira yake yosiyana ndi ya zochitika. Mu 1972 Tulving anasiyanitsanso kukumbukira zimene zinakuchitikirani, monga tsiku limene munafika ku Lilongwe koyamba, ndi kudziwa mfundo, monga yakuti Lilongwe ndi likulu. Molaison anamwalira mu 2008, ndipo mpaka nthawi imeneyo mabuku ankangomutchula kuti H.M. pofuna kumuteteza.

Ndikakumbukira chinthu bwinobwino ngati ndikuchiona, ndiye kuti chinachitikadi choncho?

Osati nthawi zonse, ndipo yankho limeneli anthu salikonda. Kukumbukira kuli ngati kumanganso nyumba ndi njerwa zotsala: pamene pasowa njerwa mumaikapo yanu osazindikira. Frederic Bartlett wa ku Cambridge anasonyeza zimenezi mu 1932. Anapatsa Angerezi nthano ya eni nthaka a ku North America yonena za nkhondo ya mizimu, n'kumawauza kuti aifotokozenso patapita nthawi. Nthano ija inkafupika, zachilendo zinkagwa, ndipo zina zinkasinthidwa kuti zifanane ndi moyo wa ku England. Kusaka nyama za m'madzi zotchedwa seal kunasanduka kuwedza nsomba.

Elizabeth Loftus ndi John Palmer mu 1974 anaonetsa ophunzira kanema wa ngozi ya galimoto, n'kuwafunsa liwiro la galimotozo. Amene anafunsidwa ndi mawu otanthauza "zitaphwanyana" anatchula liwiro lopitirira mamailosi 40 pa ola, pamene ofunsidwa ndi mawu otanthauza "zitakhudzana" anatchula pafupifupi 32. Pa kuyesa kwachiwiri, patatha sabata anawafunsa ngati anaona magalasi osweka. Mukanemamo munalibe. Mwa anthu 50 amene anamva mawu a kuphwanyana, 16 anati anawaona. Mwa 50 amene anamva mawu ofatsa a kugundana, 7 okha. Liwu limodzi la wofunsa linalowa m'chikumbukiro cha mboni.

Ganizirani mlandu wa malire a munda pabwalo la amfumu. Akuluakulu awiri, onse olemekezeka, akulumbira mosiyana za pamene panali mtengo wa mango zaka 30 zapitazo. Timathamangira kunena kuti mmodzi akunama. N'kutheka kuti onse akunena zimene akuonadi m'mutu mwawo. Wofunsa mboni, kaya ndi mfumu, wapolisi kapena mphunzitsi wofufuza amene waba cholembera, ayambe ndi "tafotokozani zimene munaona", asayambe ndi "si uyu munamuona akutuluka?"

Dzina la munthu limandithawa, koma ndikumva kuti lili pafupi. Lapita kuti?

Silinapite, njira yokalitengera ndi imene yatsekeka. Roger Brown ndi David McNeill anapeza mu 1966 kuti munthu ali m'vuto limeneli nthawi zambiri amatha kunena chilembo choyamba cha mawuwo ndi kutalika kwake. Chimene chimatsegula njira ndi chokumbutsa. Duncan Godden ndi Baddeley mu 1975 anaphunzitsa mawu anthu odziwa kumira m'nyanja, ena ali pansi pa madzi ena pamtunda, ndipo ankakumbukira bwino akayesedwa pamalo pomwe anaphunzirira. N'chifukwa chake mukalowa m'chipinda n'kuiwala chimene mwadzera, kubwerera kukhitchini kumakukumbutsani.

Akatswiri a bawo amaona bwanji mapeto a kutakata asanagwire n'komwe nkhomo? Ali ndi mutu waukulu kuposa ife?

Za bawo ndilankhule monga woonerera, koma za chess zinayezedwa. William Chase ndi Herbert Simon mu 1973 ankaonetsa anthu bolodi la chess kwa masekondi asanu. Likakhala la masewera enieni, katswiri ankabwezera tizidutswa tambiri m'malo mwake kuposa wongoyamba. Tizidutswa tikangomwazidwa mwachisawawa, kupambana kuja kunkatsala pang'ono kutheratu. Khomo la katswiri ndi lopapatiza ngati lathu, koma zaka zambiri zosewera zamupatsa mitolo ikuluikulu. Mkulu amene wakhala pa bawo pansi pa mtengo kuyambira unyamata wake sawerenga nkhomo imodziimodzi ngati ine. Amaona kakhalidwe ka mzere wonse, kamene anakaonapo kambirimbiri.

Kafukufuku yenseyu ndi wa ku Ulaya ndi ku America. Akutikhudza ife?

Funso loyenera. Joseph Henrich ndi anzake anadandaula mu 2010 kuti anthu 96 pa 100 alionse oyezedwa m'magazini akuluakulu a saikoloje ankachokera m'mayiko olemera a azungu, amene ali ndi anthu 12 okha pa 100 a dziko lapansi. Kupapatiza kwa khomo, kufufutika kwa zimene diso laona, ndi kuiwala, ndi za anthu tonse. Koma chimene munthu wazolowera kuchita ndi mutu wakewo chimasiyana, ndipo mayeso amayeza chizolowezicho pamodzi ndi nzeru.

Robert Serpell, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa University of Zambia, anasonyeza zimenezi mu 1979. Anauza ana a ku Zambia ndi a ku England kuti atengere zithunzi zofanana m'njira zosiyana. Pojambula ndi pensulo papepala, a ku England anapambana. Popinda waya, a ku Zambia anapambana, ana ozolowera kupanga magalimoto a mawaya. Poumba, panalibe kusiyana kwenikweni. Akanayeza ndi pensulo yokha, akanalemba kuti ana a ku Zambia saona bwino maonekedwe a zinthu. Serpell yemweyo anafufuza pakati pa Achewa a m'boma la Katete zimene akuluakulu amatanthauza akamati mwana ali ndi nzeru, ndipo anapeza kuti kuchenjera kokha sikukwanira. Mwana wanzeru ndi amenenso angatumikire, womvera ndi wokhulupirika. Mayeso a pepala sayeza mbali imeneyo.

Kuiwala kotani kumene kuyenera kutidetsa nkhawa?

Kuiwala pamene mwaika makiyi, kapena dzina la munthu amene munakumana naye kamodzi, n'kwa aliyense, ndipo kumachuluka munthu akatopa, akasowa tulo, akakhala ndi nkhawa kapena chisoni chachikulu, ngakhalenso akamamwa mowa kwambiri. Nthawi zambiri chinthucho sichinalowe n'komwe chifukwa maganizo anali kwina.

Zosiyana ndi pamene gogo akufunsa funso lomwelo kasanu pa ola limodzi, akusochera panjira ya kuchitsime imene wayenda zaka 50, akulephera kutsata kaphikidwe ka ndiwo zimene ankaphika tsiku lililonse, kapena akuitana mdzukulu ndi dzina la mchemwali wake amene anamwalira kalekale n'kumakhulupirira kuti ndi yemweyo. Izi zikhoza kukhala zizindikiro za matenda a ubongo amene madokotala amawatcha dementia, ndipo mtundu wake wofala kwambiri ndi wa Alzheimer. Monga zinalili ndi Molaison, zatsopano ndi zimene zimayamba kukanika, zakale n'kutsala, n'chifukwa chake gogo wotere amayimba nyimbo za ubwana wake mosaphonya koma sakumbukira kuti wadya. Ndikulemba izi ndi mtima wolemera, chifukwa m'midzi mwathu nkhalamba yopezeka usiku pakhomo la eni, yosokonezeka, yosatha kufotokoza chimene yadzera, imatchedwa mfiti, ndipo ena amenyedwa mpaka kuphedwa. Munthu wotere apite naye kuchipatala wachibale amene amakhala naye, woti akafotokoze kuti zinayamba liti ndipo zikusintha bwanji, atanyamula buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene gogoyo akumwa. Kusokonezeka kukabwera mwadzidzidzi, m'maola kapena masiku ochepa, makamaka ndi kutentha thupi, kupindika kwa pakamwa kapena kufooka kwa mbali imodzi ya thupi, musadikire kuti kuche. Pitani tsiku lomwelo.